Inveta ikuzima msanga pa TV ndi PS4: ndi mawaya kapena batire?

Akuluakulu odziwa za sola, ndithandizeni nzeru. Zida zake ndi batire ya asidi ya 12V 100Ah, inveta (chida chosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba) ya 500W ya modified sine wave (yotulutsa magetsi osasalala ngati a m'nyumba enieni), TV ya mainchesi 32 ndi makina amasewera a PS4 Slim. TV imadya pafupifupi 45W, PS4 pamasewera 90W, pamodzi 135W. Batire imasunga 1,200Wh, koma poti ya asidi saitsitsa kupitirira theka, zogwiritsa ntchito ndi 600Wh. Kuchotsa zimene inveta imataya, maola atatu ndi theka amayenera kukwana.

Koma pakangotha ola limodzi ndi theka, inveta imayamba kulira kenako n'kuzima. Nthawi imeneyo multimeter (chida choyezera magetsi) ikuonetsa 11.9V pamitu ya batire, pomwe polowera pa inveta ndi 10.8V yokha. Mawaya ake ndi a 1.5mm², otalika mamita atatu, ogwira ndi timakilipi tongopanira, ndipo amafunda.

Kodi kuika mawaya a 10mm², mita imodzi, omangidwa ndi mabauti kungathetse vutoli, kapena 11.9V ikusonyeza kuti batire nayonso yatopa? Komanso, modified sine wave siingawononge power supply (chigawo cholandira magetsi) ya PS4?