Ferric chloride akuchedwa kudya kopa nyengo yozizira ino

Wamawailesi ku Dedza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimakonza mawailesi ndi maamplifaya, ndipo timabodi tina ta kopa tomangirapo zida zake ndimapanga ndekha. Ndimasindikiza tinjira ta magetsi papepala, kusita pabodi ndi simbi, kenako kuviika mu ferric chloride, mankhwala amene amadya kopa wosafunika n'kusiya tinjirato. Mu Okutobala bodi imatheka pa mphindi 15 zokha. Koma Juni uno, dzulo ndinadikira ola lathunthu, kopa akadali m'makona, pomwe tinjira tating'ono tinali titayamba kudyeka m'mbali. Ndaganiza zothira mankhwalawa m'kasefuliya n'kuwateleka pambaula. Ndingatero?

Mkulu wa ku Ndirande:
Achimwene, kasefuliyako kasiyeni chonde! Masefuliya athuwa ndi a aluminiyamu, ndipo mankhwala amenewa amadya aluminiyamu mwaukali, amachita thovu, kutentha, mpaka kuboola pansi. Ine ndimasiya mankhwala m'kontena yapulasitiki, kontenayo n'kuikhazika m'beseni la madzi otentha a m'ketulo. Mankhwalawo afike madigiri 40 kapena 45 basi. Akapitirira 55 amatulutsa nthunzi ya asidi yolasa m'mphuno ndi m'maso, komanso imachititsa dzimbiri mapulayasi ndi zida zina zimene zili pafupi. Ngati mulibe choyezera, gwirani kontena chakunja: ikhale yofunda bwino, koma dzanja lipirire. Ndipo muzichitira panja, pakhonde.

Wophunzira zamagetsi ku Zomba:
Kuwonjezera pa zomwe anena madalawa, kufunditsa kokha sikukwanira. Kopa akamasungunuka pamakhala zinyalala zakuda zomwe zimaphimba bodi. Muzigwedeza kontena pang'onopang'ono, kapena bodi iziyang'ana pansi kuti zinyalalazo zizigwa. Nanga mankhwala anuwo ndi a liti? Akadya kopa wambiri amada mobiriwira ndipo amafooka, ngakhale muwafunditse bwanji.

Wamawailesi ku Dedza:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayesa m'mawa uno ndi beseni, ndikugwedeza, bodi yatheka pa mphindi 12, tinjira tonse tili bwinobwino. Mankhwalawo ndi a chaka chatha, akuonekadi obiriwira. Ndisungunula atsopano. Akalewa nditaye kuti?

Mkulu wa ku Ndirande:
Osati m'ngalande kapena kudimba, achimwene. Kopa amene ali m'menemo amapha nsomba akafika kumtsinje. Thiranimoni laimu pang'onopang'ono mpaka matope akhale pansi, muwaumitse, muwasunge m'chigubu chotseka. Botolo la mankhwala mulembepo dzina n'kuliika pamwamba, chifukwa kwa mwana amaoneka ngati tiyi wopanda mkaka.