Kaseti ya Shaft m'sutikesi ya malemu bambo anga

Mphatso: Abale, dzulo ndikusesa kuchipinda ndinapeza kaseti ya filimu ya Shaft m'sutikesi ya malemu bambo anga, chikuto chong'ambika, dzina lawo atalilemba ndi bolopeni kumbuyo. Ankaikonda kwabasi. Koma ndamva kuti mafilimu a mtundu umenewu ankanyazitsa anthu akuda. Zoona zake n'zotani?

Malume Gama: Mwanawe, bambo ako sanalakwe. Kale munthu wakuda mufilimu ya ku America kawirikawiri ankakhala wantchito wa m'nyumba. Ndiye mu 1971 pakutulukira Richard Roundtree akusewera ngati Shaft, jekete yachikopa, akuyenda m'misewu ya New York, apolisi achizungu akuwayankha mosaopa. Wotsogolera filimuyo, Gordon Parks, analinso wakuda. Nyimbo yake inapezetsa Isaac Hayes mphoto ya Oscar mu 1972. Ine mpaka lero ikalira ndimaimirira.

Nachisale: Amalume, musabise mbali inayo. Dzina loti blaxploitation, lotchulira mafilimu amenewa, analiyambitsa ndi Junius Griffin wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP mu 1972, akudandaula. Mufilimu ya Super Fly ngwazi yake ndi wogulitsa mankhwala ozunguza bongo, ndipo ana ankaonera zimenezo. Ndalama zambiri zinkathera m'matumba a makampani a azungu. Phindu litachepa makampaniwo anawataya mafilimuwo, osewera ambiri n'kusowa ntchito. Zimandiwawa.

Koma Pam Grier yekha ndimamuvulira ulemu. Mufilimu ya Coffy, 1973, ndi namwino amene akusaka yekha anthu amene anaononga mng'ono wake ndi mankhwala.

Mphatso: Zikomo nonse. Achemwali, Coffy ndiisaka. Pali amene akadali ndi makina oonetsera makaseti akale?