Script ya sewero loseketsa la pa TV ndipite nayo kuti?

Moni nonse akuluakulu m'gulu muno. Ine ndili ku Ntcheu, ndalemba sewero loseketsa la pa TV, nkhani ya banja logulitsa kachewere ndi kabichi pa msika wa Lizulu. Episode yoyamba tinajambula pa foni ndi anzanga koma mawu sakumveka bwino chifukwa cha mphepo ndi phokoso la malole pa M1 paja, ndinatumizanso script ku ma TV ena ku Lilongwe ndi Blantyre koma kuli zii mpaka lero, pa Facebook anthu akuseka ndithu koma ndalama palibe. Ndiye inu munadutsamo, producer mumamupeza bwanji? Ma TV amagula script kapena umasaka wekha sponsor wolipira airtime (nthawi yoonetsera sewero pa TV)? Nanga ndiyambe ndakalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, kuopa kuberedwa nkhani? Chonde ndithandizeni.