Chithunzi cholembedwa 7/30: kodi si fotokope chabe?

Nachisale_Zomba: Abale, ndithandizeni. Mlongo wanga wandibweretsera chithunzi kuchokera ku Johannesburg, chakuda ndi choyera, cha amayi awiri akusinja. Pansi pake palembedwa 7/30 ndi pensulo, kenako siginecha. Atanditchulira mtengo ndinagwira pakamwa. Ngati zilipo 30 zofanana, zikusiyana pati ndi fotokope?

WogobaLino: Mayi, kachiyang'aneni pawindo. Ngati pakuda pali bii, koma poyera pakuoneka timizere totsalira ngati mapazi a nkhuku, imeneyo ndi linocut, ntchito yanga yomwe. Ndimagoba lino (linoleum, yomwe amayala pansi m'nyumba) ndi kachitsulo kakuthwa. Pomwe ndagoba pamatuluka poyera, potsala m'pomwe pamagwira inki. Ndikapaka inkiyo ndi rola ndimayala pepala, n'kutikita ndi kumsana kwa supuni mpaka phewa kuwawa. Pepala lotsatira, kuyambanso kupaka. Ndiye lanulo ndi lachisanu ndi chiwiri mwa mapepala 30, lililonse losindikizidwa palokha ndi manja. Palibe chithunzi china "chenicheni" chimene chinatsala kwa mwiniwake. Chenichenicho ndi chomwe muli nachocho. Ku South Africa luso limeneli n'lakale ndithu: John Muafangejo wa ku Namibia anaphunzira pasukulu ya luso ya ku Rorke's Drift komweko, ndipo anatchuka ndi lino yemweyu.

Chekaukutu: Ndiwonjezereko za etching, njira imene wojambula wa ku Netherlands Rembrandt ankaikonda zaka za m'ma 1600. Imeneyi imayenda mosemphana ndi lino. Amapaka phula pachitsulo cha mkuwa, n'kujambulapo ndi singano, asidi n'kudya mizere yokhayo yomwe singano yavundukula. Inki imalowa m'mizeremo, pamwamba amapukuta, ndipo pepala lonyowa amalipanikiza ndi makina mpaka m'mphepete mwa chitsulo mumadindika papepalapo. Pitani nacho pambali pa nyali, muone ngati pali kamzere kolowa mkati kozungulira chithunzi. Iliponso lithograph ya Alois Senefelder, ya 1796: pamwala sagobapo, amangojambula ndi choko chamafuta, poti mafuta ndi madzi sizigwirizana.

MayiAPrecious: Koma achemwali, nambala yokha isakukhutiritseni. Masiku ano kuli giclée, chomwe ndi chithunzi chopentedwa kale, chojambulidwa pakompyuta n'kutulutsidwa pa printa ya inki yabwino. Nachonso amachilemba 7/30 n'kusaina. Sichoipa, koma mtengo wake suyenera kufanana ndi wa ntchito ya manja. Chijambuleni ndi foni pafupi kwambiri n'kukulitsa: mukaona timadontho tosalala tamitundumitundu, ndi printa. Inki ya lino imakhala pamwamba pa pepala, pena yothithikana, pena yopyapyala. Mlongo wanu afunsenso wogulitsayo dzina la njira yake.