Prelude ya Bach ya C minor: Presto ikundipulumuka

Woyambitsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonzekera Prelude ya C minor, BWV 847 (nambala yake pa mndandanda wa nyimbo za Bach), ya mu Well-Tempered Clavier buku loyamba. Mabala (ma bar, tizigawo ta nyimbo) oyambirira amayenda bwino, koma ndikafika pa Presto, gawo lothamanga kwambiri loyambira pa bar 28, zala zimangokolana. Dzulo ndinadzijambula pafoni, zikumveka ngati makina osokera. Ndikutsatira liwiro la 144 (kugunda ka 144 pa miniti) limene lalembedwa m'buku langa.

Mphunzitsi wa piyano: Achimwene, 144 imeneyo ndi ya Czerny, woimba piyano amene anadzakonza bukuli pambuyo pake, si ya Bach. Pamene Bach ankalemba bukuli mu 1722, metronome (kachipangizo kogunda kosonyeza liwiro) kunalibe, ndipo pamwamba pa prelude imeneyi sanaikepo mawu aliwonse a liwiro. Mawu a liwiro akuti Presto, Adagio (pang'onopang'ono) ndi Allegro (mofulumira) ali kumapeto kokha. Mukanyamuka ndi 144, Presto muyiimba bwanji kuti imveke yothamanga kuposa apo? Yambirani kumapeto. Imbani Presto pa liwiro limene manja onse awiri akukhoza bwinobwino, kenako tsikani pang'ono, pamenepo ndiye poyambira panu.

Woimba limba: Aphunzitsi anena zoona. Ine za makina osokerazo. Harpsichord, choimbira cha makiyi cha nthawi ya Bach, simveka mokweza ngakhale muimenye chotani, choncho oimba a nthawiyo ankaumba nyimbo ndi nthawi komanso kagwiridwe ka makiyi. Taonani bar 1: dzanja lamanja likuimba manotsi asanu ndi atatu, kenako kuwabwereza ndendende. Chord (manotsi omveka pamodzi) imasintha kamodzi kokha pa bar. Ndiye chotsani zonsezo, muimbe chord imodzi pa bar, mumve pamene nyimbo ikumangika ndi pamene ikumasuka. Mukabwezeretsa manotsi onse, notsi yoyamba ya bar muyikhalitse pang'ono chabe, zotsalazo zipepuke. Chala chaching'ono cha kumanja ndicho chili ndi nyimbo, zinazo n'zoperekeza.

Woyambitsa: Kukhalitsako sikusokoneza kugunda?

Woimba limba: Mukachita bar iliyonse mofanana, inde, mumveka ngati wotsimphina. Sankhani malo, makamaka pamene notsi ya G ya pansi yakhazikika osasuntha.

Mphunzitsi wa piyano: Apo pokha ndisiyana nanu pang'ono, bambo. Pa piyano tili ndi mwayi wokweza ndi kutsitsa, ine ndimawauza ana asukulu asunge kugunda mpaka bar 24, azipuma pa mabala atatu otsatira pamene mzere wa manotsi watsala umodzi. Chinanso achimwene, pa Presto dzanja lamanzere limalowa bar imodzi pambuyo, kutsanzira lamanja. Ambiri amathamanga pamenepo chifukwa khutu lili kumanja. Liyeseni lokha lamanzere, pedal osaponda. Adagio ya bar 34 musayiwerenge ndi metronome, muyiimbe ngati munthu amene akuyankhula.

Woyambitsa: Ndayesa madzulo ano. Presto ikukhala bwino pa 120, ndiye ndayamba pa 96. Poyamba zimamveka zozizira, koma tsopano E natural wa chord yomaliza ndikumufika ndisanatope. Lamanzere likadatsalirabe pa bar 30, ndilimbana nalo mawa.