Mavitamini a amayi aja afika

Mwezi watha ndinafunsa ngati munthu wa kuno ku Chipata angaitanitse mavitamini ku America osalira ndi msonkho. Phukusi lafika dzulo, ndiye ndati ndikuuzeni mmene zayendera.

Ndinagula mabotolo awiri okha, vitamini D ndi calcium, ogulira amayi. Inu amene munandilangiza kuti ndisachulutse, zikomo kwambiri. Katundu akachuluka amaoneka ngati wamalonda, komanso mankhwala olowa m'dziko muno ali m'manja mwa ZAMRA, bungwe la boma la Zambia loyang'anira mankhwala.

Pomwe ndinagwa nayo ndi apa: a ZRA, otolera misonkho ya boma, sayang'ana mtengo wa mabotolo wokha. Amaphatikizapo ndalama yotumizira, n'kuwerengera duty (msonkho wa katundu wolowa m'dziko) pamenepo, kenako VAT ya 16 peresenti imakwera pamwamba pa zonsezo, ndi duty yomwe. Ine ndinangowerengera mtengo wa pa intaneti basi, moti ndinachita kukabwereka kwa alamu anga. Kampani yonyamula katundu nayo inaonjezera ndalama yake ya kiliyaransi, yotulutsira katundu kwa amsonkho. Phukusi linagonanso ku Lusaka masiku angapo chifukwa imelo ya invoisi ndinali nditaifufuta, kusasamala kwanga komwe.

Amayi atagwedeza kabotolo anangoti, "Iwe mwana, ndalama zonse zija n'kugulira timbewu timeneti?" Calcium ulendo wina ndidzangogula ku famase ya m'tauni.