Kamera ya rivesi pa kalavani, ndigule kapena ndikataya ndalama?

Mlongoti_Salima: Moni nonse. Ndili ndi kalavani yomwe ndimakoka ndi Hilux tikamapita ku Senga Bay ndi banja. Vuto ndi pobwerera m'mbuyo, magalasi am'mbali saonetsa chilichonse kuseri kwake ndiye ana akamathamangathamanga pamenepo ine mtima umakhala m'mwamba. Kodi kamera ija imathandizadi? Yabwino ndi ya waya kapena ya wayalesi?

Bambo_a_Mphatso: Musayerekeze za wayalesi amwene, ine anandidyera ndalama masanasana. Ndinagula pa shopu ina ku Limbe K140,000 wogulitsa akuchita kulumbira kuti ndi orijino, mvula itangogwa kamodzi galasi lake linachita nkhungu mkati chithunzi mbuu, kubwerera nayo akuti za madzi sizili pa waranti. Mpaka pano mtima umandiwawabe.

WaKuJoni: Inuyo munagula feki basi. Yanga ndinagula ku Johannesburg, sikirini yaikulu, usiku imaonetsa bwinobwino. Ndinadutsa nayo Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza osadukako olo kamodzi. Zenizeni zimayambira R3,000, zotsika kuposa pamenepo ndi zidole.

Bambo_a_Mphatso: Si tonse timalandira marandi bwana

Mayi_wa_Area25: Ndalama zonsezo za chani? Mayi akunyumba atsike azikukodolani ndi dzanja basi. Kapena mangirirani foni yakale kumbuyoko muziimbirana vidiyo pa WhatsApp

Aise_Kabaza: Kkkkk foniyo ikafika ku Salima ili ndi mwini wake wina

Magetsi_Kawale: Ine ntchito yanga ndi yamagetsi a galimoto ndiye ndiyankheko. Ya wayalesi nayonso nthawi zambiri imafuna waya wa moto wa 12V, chomwe chimayenda mumphepo ndi chithunzi chokha. Pulagi ya mapini 7 yolumikiza magetsi a galimoto ndi kalavani nthawi zambiri ilibe waya wa rivesi, ndiye timalumikiza ku ma park light, kutanthauza kuti muziyamba mwayatsa ma park kuti kamera iyake, ambiri amabwera akudandaula kuti yafa pomwe sanayatse. Kalavani ikakhala yaitali komanso bodi yake ya aluminiyamu siginolo imavutika kudutsa, chithunzi chimaima inu mukuyendabe, mpamene mumagunda mtengo. Ya waya imatopetsa poika koma ikaikidwa mwathana nazo. Pogula onani kuti palembedwe IP67 kapena IP68, kusonyeza kuti siilowa madzi, ndipo pomwe mwaboola pamatidwe silikoni apo ayi madzi alowa m'khoma matabwa n'kuyamba kuola. Chinanso kamera siiona pomwe kalavani ikupindikira pa tobala (chitsulo chokokera), pamenepo ndi magalasi ndi luso lanu madala.

WaKuJoni: Yanga ndi ya wayalesi ndipo sinaimepo

Magetsi_Kawale: Kalavani yanu ndi yotalika bwanji?

Mayi_wa_Area25: Mchimwene wanga anaitanitsa pa AliExpress K45,000 yokha ikugwira mpaka lero

Bambo_a_Mphatso: K45,000 chaka chiti mayi? Kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, muwerengerenso kutumiza ndi msonkho wa MRA

Mlongoti_Salima: Zikomo nonse koma mutu wangozungulira. A Magetsi, ya waya kuika mumatchaja zingati, ndipo wayayo amadutsa pati kuti ndizitha kumasula kalavani?

Aise_Kabaza: Bambo a Mphatso yankhunguyo mukugulitsa bwanji, ndiike pa njinga